Jakisoni wa pamwezi anabweza mtendere pakhomo pathu, koma si wa aliyense

Amalawife timakhulupirira jakisoni. Munthu akapita kuchipatala n'kubwerako ndi timapiritsi m'kapepala, amafika pakhomo akung'ung'udza kuti adokotala sanamuone bwino. Koma akabwera akutsimphina, dzanja lili pathako, aliyense amati ameneyu ndiye wathandizidwa, mawa adzuka. Kwa ambiri a ife mankhwala enieni ndi olowera pansingano, akumwawa ndi ongotonthoza mtima.

Nkhani ikakhala ya matenda a maganizo, chikhulupiriro chimenechi chimatembenuka. Zikamveka kuti uje "amabayidwa mwezi ndi mwezi", anthu amatsitsa mawu. Kwa iwo ndiye kuti zake zinada, madokotala anamulephera, tsopano akungomufoola kuti asavute. Chithunzi chomwe chimabwera m'mutu ndi cha munthu womangidwa zingwe kumbuyo kwa galimoto, amuna anayi atamupanikiza, nesi akumubaya kuti agone.

Jakisoni wotero alipodi. Amabayidwa munthu akafika kuchipatala atasokonezeka kwambiri, ndipo mphamvu yake siichedwa kutha. Koma palinso jakisoni wina wosiyana ndi ameneyu, yemwe munthu amapita yekha kukabayitsa ali bwinobwino, atavala malaya ake osita, kenako n'kubwerera kuntchito. Kwathu ku Chintheche takhala ndi jakisoni wachiwiriyu kwa zaka 3 tsopano, pambuyo pa zaka 4 za mapiritsi. Njira ziwirizi taziona zonse, ubwino wake ndi zowawa zake.

Momwe zinayambira

Achimwene anga ndi msodzi wa usipa. Anandilola kulemba nkhaniyi bola ndisatchule dzina lawo. Anadwala ali ndi zaka 23, ine ndili Fomu 3. Matendawa sanabwere ngati mphezi. Poyamba anangosiya kucheza. Akabwera kunyanja m'mawa ankalowa m'nyumba n'kudzitsekera, kondowole n'kuzizirira patebulo. Kenako anayamba kunena kuti anzawo a m'boti akuwapangira upo, ndiponso kuti injini ikamalira mumamveka mawu otchula dzina lawo. Anasiya kudya chakudya chophika munthu wina aliyense kupatula mayi. Patapita masabata angapo anakananso cha mayi chomwe.

M'mudzi aliyense anali ndi yankho. Ena anati ndi chamba, ena anati wina wawachita chipongwe poti ukonde wawo unkagwira kwambiri chaka chimenecho. Banja linayenda kwa sing'anga, linagona kumapemphero, mpaka malume analamula kuti basi, tipite kuchipatala. Kumeneko ndi kumene tinamva koyamba dzina lakuti schizophrenia.

Awa ndi matenda a ubongo omwe amasokoneza momwe munthu amaganizira, kumvera ndi kuonera zinthu. Wodwala amatha kumva mawu omwe ena sakuwamva, kukhulupirira zinthu zomwe ngakhale mumupatse umboni wotani sasintha, kapena kulankhula zosalumikizana. Ena amangozizira: kusamba ayi, ntchito ayi, kucheza ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 anthu pafupifupi 24 miliyoni anali ndi matendawa, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Kawirikawiri amayamba munthu akungotuluka kumene m'chinyamata kapena ali m'zaka za m'ma 20, ndipo amuna amawayamba msanga kuposa akazi. Chamba chimakulitsa chiopsezo komanso chimadzutsa matendawa akagona, koma alipo ambiri odwala omwe sanachikhudzepo n'kamodzi komwe.

Zaka za mapiritsi

Achimwene anapatsidwa chlorpromazine, yemwe akuluakulu ambiri amamudziwa ndi dzina loti Largactil. Ndi mankhwala akale. Madokotala awiri, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anaonetsa mphamvu yake pa odwala a pachipatala cha Sainte-Anne ku Paris mu 1952, panthawi yomwe anthu odwala chonchi ankangotsekeredwa kwa zaka. Mnzake haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958. Onsewa amachepetsa mphamvu ya dopamine, kemikolo yomwe imanyamula mauthenga mu ubongo. Sachotsa matendawa ndi mizu yomwe, koma amawagoneka, monga momwe mankhwala a BP amachitira.

Ndipo anagwiradi ntchito. Patatha masabata ochepa mawu aja anayamba kumveka patali, kenako anazilala. Achimwene anadyanso nafe. Tsiku lomwe anaseka nthabwala ya malume, mayi analowa kukhitchini kukalira.

Vuto linayamba atabwerera kunyanja. Mapiritsiwa amagonetsa, n'chifukwa chake amalembedwa kuti azimwedwa usiku. Kwa mlimi wa chinangwa zili bwino, wamwa, wagona, m'mawa wanyamula khasu. Koma kwa msodzi wa usipa usiku ndiye nthawi ya ntchito. Maboti amanyamuka dzuwa likulowa n'kubwera kukucha. Achimwene anali siginala, uja amakhala yekha m'bwato laling'ono ndi nyali zokopera usipa, n'kumauza anzake nthawi yokoka chilimira. Taganizirani munthu wa tulo m'maso, woti akaimirira msanga amamva chizungulire, ali pakati pa nyanja mumdima, mwera ukuwomba. Si nkhani yoseweretsa.

Kuchipatala anawasinthira kuti azimwa m'mawa akabwera kunyanja, ndipo zinathandiza. Koma asodzi amatsata nsomba. Mwezi uno ali ku Tukombo, wamawa ku Usisya, nthawi zina mpaka ku Likoma, masabata awiri kapena atatu osaponda pakhomo. Kumeneko amagona amuna khumi mumsasa umodzi. Kutulutsa kapepala ka mapiritsi tsiku lililonse n'kuitana mafunso. Ena amaganiza kuti ndi ma ARV, ena amadziwa chomwe chili n'kuyamba kukutchula maina. Kangapo mapiritsi ananyowa m'thumba n'kusanduka phala.

Akakhala pakhomo, mayi ndiwo anali wowerenga. Mapiritsi ankasungidwa m'kachitini pamwamba pa kabati. Funso loyamba mwana wawo akalowa pakhomo silinali "wabwerako bwanji?" koma "wamwa?" Akakayikira ankati atsegule pakamwa, akweze lilime. Mayi sankachita izi mwankhanza, anali ndi mantha a munthu amene anaonapo mwana wake akukana nsima yake. Koma kwa mwamuna wamkulu, wandevu, zinali zowawa. Tsiku lina achimwene anawafunsa mofatsa, m'Chitonga chathu, funso lomwe linatitsekera tonse pakamwa: "Ama, kodi ine ndine mwana wanu kapena mkaidi wanu?"

Anthu amafulumira kunena kuti wosiya mankhwala ndi wosamva. Koma tanenani zoona, ndi angati mwa ife amene amamaliza mapiritsi a masiku 5 okha akayamba kupeza bwino? Nanga bwanji a zaka ndi zaka, okuumitsa pakamwa, okulemetsa thupi? Onjezanipo kuti matendawa pawokha amatha kumuchotsera munthu kuzindikira kuti akudwala. Ili si vuto la kumudzi kokha. Ku America, kafukufuku wotchedwa CATIE, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2005, anatsatira odwala pafupifupi 1,500, ndipo anapeza kuti 74 mwa 100 alionse anasiya mankhwala omwe anayamba nawo miyezi 18 isanakwane. Amenewo ndi anthu oti sitolo ya mankhwala ili pafupi ndi nyumba.

Msampha wake uli apa: ukasiya mapiritsi, masiku oyamba umapeza bwino kuposa kale. Tulo timachoka, thupi limapepuka, mutu umayera. Matenda sabwera mawa lake, amadikira masabata kapena miyezi. Ndiye munthu amaganiza kuti chomwe chinkamudwalitsa ndi mapiritsi aja. Achimwene anagwa mumsampha umenewu kawiri pa zaka 4. Ulendo wachiwiri anthu anawapeza usiku akuyenda opanda nsapato mumsewu wa M5 cha ku Kande. Pomwe ankachira, malo awo a usiginala anali atapatsidwa wina, ndipo mtsikana amene anamufunsira anali atabweza mawu. Kudwalanso kulikonse kumatenga kanthu komwe mankhwala sangabweze, ndipo madokotala amachenjeza kuti kuchira kumatha kumachedwerachedwera ulendo uliwonse.

"Ndiye ngati Depo uja?"

Atakhazikika, nesi woona za matenda a maganizo anachita chinthu chomwe chinasintha zonse. M'malo mofunsa mayi, monga zinkakhalira nthawi zambiri, anatembenuza mpando n'kuyang'ana achimwene.

"Bambo, tandiuzani inuyo. Chimakuvutani n'chiyani pa mapiritsiwa?"

Achimwene anafotokoza za tulo, za msasa, za kachitini ka pakabati. Nesi uja sanawadule. Atamaliza anawauza kuti pali njira ina: mankhwala a mtundu womwewo, koma obaya kamodzi pa masabata angapo. Dzina lake ndi fluphenazine decanoate, ambiri amangoti Modecate. Mankhwalawa amasungunulidwa m'mafuta a chitowe n'kubayidwa mkati mwa mnofu wa thako. Mafutawo amakhala pamenepo ngati nkhokwe, n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono kulowa m'magazi kwa masabata 2 mpaka 5, malinga ndi munthu. Si zatsopano ayi, majakisoni otere anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1960.

Woyamba kumvetsa anali mayi. "Ndiye ngati Depo uja wa kulera, woti ukabayitsa umakhala miyezi itatu?"

"Ee amayi, nzeru yake ndi yomweyo," anatero nesi. "Kungoti uyu ndi wa ubongo, ndipo masiku ake ndi ocheperapo."

Nkhaniyi itafika kunyumba inautsa mtsutso. Malume anakana. Anati iwo anaonapo anthu obayidwa akuyenda ngati zidole, malovu ali chuchuchu, ndipo anamva kuti jakisoni amapha mphamvu ya chimuna. Sankanama kwenikweni. Zomwe anaonazo zimachitika, makamaka mlingo ukachuluka, ndipo mankhwala amenewa amatha kuchepetsa chilakolako cha m'banja. Koma zimenezi zimachokera ku mankhwalawo, osati ku nsingano. Womwa mapiritsi a mtundu womwewo amathanso kukumana nazo. Mayi anali mbali ya jakisoni, poti anali atatopa ndi upolisi. Anakambirana mpaka usiku, mwini nkhani ali phee pakhonde akusoka ukonde. Pomaliza analankhula.

"Malume, ndamva. Koma ine ndikufuna ndizikumbukira matendawa kamodzi pamwezi, osati tsiku lililonse."

Mtsutso unathera pomwepo.

Walira mvula walira matope

Ulendo woyamba anawabaya mlingo wochepa woyesera, kuti aone momwe thupi lilandirire. Izi n'zofunika chifukwa cha kusiyana kwakukulu kwa njira ziwirizi. Piritsi likakuvuta lero, adokotala atha kulichepetsa kapena kulisiya mawa, ndipo m'masiku ochepa latuluka m'thupi. Jakisoni akalowa walowa. Palibe womutulutsa, mumangodikira kuti mphamvu yake ithe.

Mwezi wachiwiri, mlingo utakwera, zomwe malume ankaopa zinaonekera. Khosi linauma, manja ankanjenjemera moti kusoka ukonde kunavuta, ndipo miyendo sinkawalola kukhala pansi. Ankangozungulira pabwalo ngati munthu woyembekezera uthenga wa maliro. Malume sananene kanthu, koma maso awo ankalankhula. Tinabwerera kuchipatala tsiku lisanakwane. Anawapatsa benzhexol, uja ena amati Artane, kwa kanthawi, ndipo jakisoni wotsatira anamuchepetsa. Zinatenga miyezi ingapo kuti mlingo wowayenera upezeke. Mpaka lero nesi amawayang'ana pakamwa ndi lilime nthawi ndi nthawi, chifukwa mankhwala akalewa akagwiritsidwa ntchito zaka zambiri amatha kuyambitsa kutafuna kapena kugwedeza milomo kosafuna, komwe nthawi zina sikutha.

Palinso zing'onozing'ono zomwe sizilembedwa m'buku la kuchipatala. Pobayidwapo pamapweteka masiku awiri, nthawi zina pamachita kachotupa, n'chifukwa chake amasinthasintha mbali. Pamafunika ndalama ya kabaza mwezi uliwonse. Pamafunika kukhala pabenchi pomwe aliyense wodutsa amadziwa kuti tsiku limeneli ndi la anthu ati. Ndipo tonse tikudziwa kuti m'zipatala za m'dziko muno mankhwala amasowa nthawi zina. Banja lanzeru limafunsiratu kuti jakisoni akadzapanda kupezeka tsiku lake, wodwala adzamwe chiyani podikira.

Nanga tsiku lobayitsa alikumbukira bwanji munthu wongoyendayenda? Yankho analipeza okha, ndipo ndi la kunyanja. Mwezi ukawala kwambiri usipa sutsata nyali, choncho maboti ambiri amapuma ndipo asodzi amabwerera kumakwawo. Achimwene anapempha kuti tsiku lawo lizigwera masiku amenewo. Nesi anawerenga n'kuona kuti n'zotheka. Tsopano safunika kalendala. Akaona mwezi ukukula kumwamba amadziwa kuti nthawi yayandikira.

Ubwino wina tinauona mochedwerapo. Munthu akasiya mapiritsi palibe amadziwa mpaka matenda ataonekera. Koma akajomba jakisoni, m'kaundula mumatsala mpata, ndipo zimadziwika sabata yomweyo, mankhwala ena akadali m'thupi. Pamakhala nthawi yomuimbira foni kapena kumutumira uthenga zinthu zisanaipe. Komanso ngati munthu wadwalanso koma jakisoni sanajombepo, adokotala amadziwa kuti vuto ndi mankhwalawo, osati wodwala, ndiye amasintha m'malo mokalipa.

Koma kusintha kwakukulu kunachitika pakhomo. Kachitini kaja tsopano mumakhala singano ndi mabatani. Achimwene akalowa, mayi amafunsa kuti usipa unali bwanji, mwera unawapeza pati, adya kapena ayi. Anabwerera kukhala mayi. Pa zaka zitatuzi achimwene sanagonekedwepo m'chipatala.

Kodi ndiye kuti jakisoni ndi wamphamvu kuposa mapiritsi?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri timasochera. Ku Finland, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Jari Tiihonen linatsatira anthu oposa 2,500 omwe anagonekedwa koyamba ndi schizophrenia. Zotsatira zomwe anatulutsa mu 2011 zinaonetsa kuti kwa obayidwa, chiopsezo chobwereranso m'chipatala chinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chiopsezo cha omwa mankhwala omwewo ngati mapiritsi. Kafukufuku wina wa ku Sweden wa mu 2017, wa anthu pafupifupi 30,000, anapezanso kuti obayidwa ankabwerera m'chipatala mocheperapo. Koma m'mafukufuku omwe odwala onse amayang'aniridwa mwapafupi, kukumbutsidwa ndi kuyenderedwa, kusiyanaku kumachepa kwambiri. Tanthauzo lake n'losavuta. Mankhwala ndi amodzi. Chomwe jakisoni amapambanira n'chakuti mankhwalawo amafikadi m'magazi tsiku lililonse, kaya munthu wakumbukira kapena waiwala, kaya ali pakhomo kapena ku Likoma.

Ndiye kwa munthu amene mapiritsi samuvuta, jakisoni alibe chachilendo chomupatsa. Pabenchi pomwe achimwene amadikirira pamakhalanso mayi wina wogulitsa nsomba zouma, amene wakhala akumwa mapiritsi kwa zaka zambiri osadwalanso. Amamwa akamaliza kudya madzulo, limodzi ndi a BP. Nsingano amaiopa, ndipo amati kumwa yekha kumamupatsa mtima woti moyo wake uli m'manja mwake. Ndani angamutsutse? Dziko lino likudziwa bwino kuti anthu amatha kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa zaka. Chiyambire 2004, pomwe ma ARV aulere anayamba kufalikira m'zipatala za boma, anthu ochuluka zedi akhala akuchita zimenezi mokhulupirika.

Palinso odwala ena omwe jakisoni sangawathandize n'komwe. Munthu amene mankhwala awiri osiyana alephera kumuthandiza amafunika clozapine, yemwe alibe jakisoni wokhalitsa ndipo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi.

Kunja zinthu zapita patsogolo. Jakisoni wa risperidone wa masabata 2 anavomerezedwa ku America mu 2003. Wa paliperidone wa pamwezi anabwera mu 2009, wa miyezi 3 mu 2015, ndipo wa miyezi 6 mu 2021. Taganizirani, kubayitsa kawiri kokha pachaka. M'chaka chomwecho cha 2021, WHO inaika jakisoni wa paliperidone wa pamwezi pamndandanda wa mankhwala ofunika omwe maiko akulimbikitsidwa kukhala nawo. Atsopanowa saumitsa thupi kwambiri ngati akale, ngakhale ali ndi zawo: kunenepetsa ndi kukweza chiopsezo cha matenda a shuga. Chotchinga chachikulu ndi mtengo, n'chifukwa chake kuno ambiri tikudalirabe akale aja. Ndi nkhani yofunika kuti aphungu athu ndi akuluakulu a zaumoyo aziimva kuchokera kwa mabanja ngati lathu, chifukwa msodzi wa ku Chintheche ndi amene jakisoni wa miyezi itatu angamuthandize kuposa munthu wa mumzinda wokhala pafupi ndi chipatala.

Jakisoni si chikwapu

Chinthu chimodzi chimandipweteka ndikachimva pabenchi paja. Wachibale amauza wodwala kuti, "Ukapanda kumwa tikakubayitsa!" Mawu amenewa amasandutsa mankhwala kukhala chilango, monga timaopsezera ana ndi adokotala. Munthu woopsezedwa chonchi akadzamva nesi akutchula jakisoni amamva ngati wagamulidwa mlandu, ndipo tsiku lake likafika amathawira kunyanja kapena kumunda. Jakisoni wa pamwezi amayenda ndi miyendo ya mwini wake. Ngati iye sanavomere mumtima, palibe amene angamunyamule mwezi uliwonse kwa zaka khumi.

Nthawi yabwino yokambirana za njira ziwirizi ndi pomwe munthu ali bwino, osati pakati pa chipwirikiti. Ndipo mafunso ake ndi a moyo wa tsiku ndi tsiku. Kodi amagwira ntchito yanji, nthawi yanji? Amagona pakhomo masiku onse kapena amayendayenda? Chipatala chili kutali bwanji, ndipo ya kabaza izichokera kuti? Wasiyapo mapiritsi kangati, ndipo chifukwa chake chinali chiyani? Ngati chinali kuiwala kapena manyazi, jakisoni angathandize. Ngati chinali kuuma kwa thupi kapena tulo, ndiye kuti pakufunika kuunikanso mankhwalawo kapena mlingo wake, poti kumubaya omwewo n'kungomutsekera m'mavuto omwe ankawathawa. Mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati, munthu wa matenda a mtima, wa khunyu kapena womwa mankhwala ena, anene poyera asanayambe njira iliyonse. Ndipo kusintha kulikonse, kaya kuchoka ku mapiritsi kupita ku jakisoni kapena kubwerera, kuchitike ndi achipatala, osati pakhonde.

Thandizo silili ku Zomba kokha monga ambiri amaganizira. Zoona, Zomba Mental Hospital, yomwe inatsegulidwa mu 1953, ndiyo chipatala chachikulu cha boma cha matendawa. Koma ife a kumpoto tili ndi St John of God ku Mzuzu, komwe abale a chipani cha Katolika chimenechi anafika mu 1993, ndipo ali ndi sukulu yophunzitsa ogwira ntchito za umoyo wa maganizo. Kwa munthu wa m'mbali mwa nyanja kuno, poyambira ndi pafupi: chipatala cha Chintheche, kapena cha boma ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 chakumpoto. Fikani mufunse tsiku lomwe amaona odwala matenda a maganizo. Kufika msanga kumapulumutsa zambiri.

Zomwe nsingano siingachite

Jakisoni anagoneka mawu aja, koma sanabweze ukonde, sanabweze chibwenzi, ndipo sanatseke pakamwa pa anyamata a padoko omwe anali atawapatsa kale dzina. Zimenezo zinafuna anthu. Zinafuna mwini boti wina amene anati, "Bwerani tiyese mwezi umodzi," n'kuwapatsanso nyali. Zinafuna malume, omwe anakana jakisoni aja, kumawaperekeza kuchipatala miyezi yoyamba n'kumakhala nawo pabenchi mosabisala, chipewa chili pabondo. Zinafuna kuti achimwene eniake asiye mowa wa pamalipiro, chinthu chovuta kwambiri pakati pa asodzi. Masiku ena amadzukabe olemedwa, osafuna kulankhula ndi munthu, ndipo taphunzira kuwasiya apume popanda kuthamangira kuganiza kuti matenda abwerera.

Pano akusunga ndalama. Akuti akafika zaka 35 akufuna atsike m'bwato, atsegule kagolosale pafupi ndi msewu, azigona pakhomo usiku uliwonse ngati anthu ena. Mwezi wathawu anafunsa nesi ngati zikadzatero angadzabwerere ku mapiritsi, poti thako nalo latopa. Nesi sanawaseke, sanawaopseze. Anati zikadzafika adzakhala pansi n'kuona, chifukwa moyo ukasintha njira ya mankhwala ithanso kusintha.

Ngati pakhomo panu pali kachitini konga kathu kaja, ndipo funso loti "wamwa?" lalowa m'malo mwa moni, dziwani kuti njira ina ilipo ndipo mutha kukaifunsa kuchipatala. Mwina idzakuyenerani, mwina ayi. Koma musanapite, khalani pansi ndi mwini thupi, tsiku lomwe ali bwino, mumufunse chomwe chimamuvuta ndi chomwe iye akufuna. Kenako mudikire ayankhe.